Galimoto Imodzi, Ntchito Zambiri: Mbiri ya Inshulansi ya Galimoto kwa Kapondo

Inshulansi ya galimoto ndi pangano la pakati pa mwini galimoto ndi kampani. Mwini galimoto amapereka ndalama pachaka kapena pa miyezi ingapo, ndipo kampani imalonjeza kuti galimotoyo ikavulaza munthu, ikapha kapena ikaononga katundu wa wina, idzalipira m'malo mwake kulekezera pa mlingo womwe adagwirizana. Asanalipire, mwini galimoto amafunsidwa kuti: kodi galimotoyi izigwira ntchito yanji? Yankho lake ndilo limadula mtengo, ndipo ndi lomwe limadzafukulidwa tsiku la ngozi. Kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, funso limeneli n'lovuta kuliyankha moona kuposa mmene olilemba ankaganizira, ndipo gwero la vutoli lili m'mbiri ya mayendedwe a anthu akumeneko.

Galimoto isadafike, katundu ankayenda pamutu. Azungu atamanga linga lawo pa Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji, pa nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, mchere, nsalu, makalata ndi zipangizo za boma zinkasenzedwa ndi amtengatenga, pomwe mabwana ankayenda pa machila. Malole oyamba adali a boma, a azungu olima fodya ndi a amwenye a masitolo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, msewu wochokera kumeneko kudzera ku Lilongwe ndi ku Fort Manning mpaka ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, udakhala njira ya katundu wambiri. Munthu wakumudzi ankadziwana ndi galimoto poikwera kumbuyo pamwamba pa matumba, kapena poipatukira ikamabwera. Mapepala ake sankawaona n'komwe.

Komabe nzeru yolipira munthu wolakwiridwa idalipo kale. Ng'ombe ikagunda mwana wa mnansi, kapena moto wakumunda ukalowerera n'kutentha nkhokwe ya wina, mlandu unkapita kwa nyakwawa, ndipo wolakwa ankapereka chipepeso cha nkhuku, mbuzi kapena chimanga. Sankalipira yekha. Mwini mbumba ankamema abale, aliyense n'kuponyapo chomwe ali nacho, kuti tsoka logwera munthu mmodzi ligawidwe pakati pa anthu ambiri. Imeneyitu ndiyo nzeru yomwe inshulansi yaimapo. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo sankafunsa ngati ng'ombeyo inkakoka ngolo ya malonda kapena inkapita kudambo kukamwa madzi. Ankayang'ana bala. Kampani imayamba yayang'ana pepala.

Pepalalo lidachokera ku Britain. Inshulansi ya makampani idakulira pa zombo zapanyanja, pomwe amalonda a ku London ankakumana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Mu 1766, pa mlandu wa Carter ndi Boehm, woweruza Lord Mansfield adamanga mfundo yomwe idafalikira m'mayiko onse otsata malamulo achingerezi: wogula inshulansi aziulula zonse zomwe akudziwa zokhudza chiopsezocho, poti iye ndiye akuziona ndi maso pomwe kampani ikungomva za m'kamwa mwake. Galimoto zitachuluka ndipo anthu ogundidwa akusowa wowalipira, nyumba ya malamulo ya ku Britain idalamula mu 1930 kuti aliyense woyendetsa galimoto pamsewu akhale ndi inshulansi yolipira munthu wina yemwe angamuvulaze kapena kumupha. Ndi imene aliyense, ngakhale kumudzi, amaitchula kuti third party.

Makampani akumeneko adagawa ntchito za galimoto m'magulu. Lotsikitsitsa mtengo ndi la maulendo apakhomo ndi okacheza. Lotsatira limaonjezerapo ulendo wopita kuntchito ndi kubwerako, bola ntchitoyo ikhale pamalo amodzi okhazikika. Kenaka pali gulu la bizinesi, la munthu woyendera makasitomala kapena malo antchito osiyanasiyana. Pamwamba pa onsewa pali kunyamula anthu kapena katundu wa eni polandira ndalama. Chifukwa chake n'chomveka: galimoto yomwe imakhala pamsewu tsiku lonse, italemedwa, dalaivala akuthamangira nthawi, imakumana ndi ngozi kawirikawiri kusiyana ndi yongotuluka Lamlungu, ndipo ikagwa imavulaza anthu ambiri. Koma magulu amenewa adadulidwa poyang'ana moyo wa munthu wolandira malipiro pamwezi, wa ofesi imodzi ndi maola odziwika, amene amadziwa pomwe ntchito yathera ndi pomwe zapakhomo zayambira.

Malamulo apamsewu a dziko la Nyasaland adatengera a ku Britain, ndipo inshulansi inkagulitsidwa ndi nthambi ndi nthumwi za makampani akunja ku Blantyre ndi ku Limbe. Ufulu utabwera mu 1964, kampani ya National Insurance Company, yomwe anthu amaidziwa kuti NICO, idayamba ntchito, ndipo mu 1996 idakhala kampani yoyamba kulowa pa msika wogulitsa masheya wa Malawi Stock Exchange. Lero pali makampani enanso monga United General, General Alliance, Reunion, Prime ndi Britam, ndipo kuchokera pa malamulo a 2010 onsewa amayang'aniridwa ndi mkulu wa Reserve Bank of Malawi. Lamulo lapamsewu la 1997, pa gawo 141, limaletsa kuyendetsa galimoto yopanda inshulansi ya third party, pomwe gawo 148 limalola wovulala kusumira kampaniyo mwachindunji. Kuno mzere waukulu udagwera pakati pa galimoto ya private ndi ya commercial. Ulendo wopita kuntchito pa galimoto yako nthawi zambiri umawerengedwa kumbali ya private. Pa za bizinesi ya mwini wake, mawu a pangano amasiyana kampani ndi kampani. Koma mapangano a private amagwirizana pa chinthu chimodzi: salola kunyamula anthu kapena katundu polandira ndalama.

Kwa nthawi yaitali mzere umenewu sunkavutitsa munthu wa kwa Kapondo, poti onyamula anthu ovomerezeka ankadziwika. Kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport Company idayamba mu 1947, n'kudzakhala United Transport Malawi, UTM ija akuluakulu amaikumbukirabe. Mu 1989 idagulidwa ndi kampani ya Stagecoach ya ku Scotland, ndipo mu 1997 idasanduka Shire Bus Lines, yomwe idagwa m'zaka za m'ma 2000. Basi inali ndi tikiti, kondakitala, ndandanda ya nthawi ndi inshulansi ya okwera. Vuto lake lidali lakuti inkayenda m'misewu ikuluikulu, mwina kamodzi patsiku, ndipo dzinja likafika misewu yafumbi inkaikanika. Mpata wotsalawo udadzazidwa ndi matola. Lole yobwerera yopanda katundu inkaima pamphambano, anthu n'kukwera kumbuyo, dalaivala n'kutolera ndalama zomwe bwana wake sankazidziwa. Apa ndi pomwe padayambira chizolowezi chakuti galimoto yolembedwa ntchito ina papepala izigwira ntchito inanso pamsewu.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, maesiteti a fodya adachuluka m'maboma a Mchinji ndi Kasungu. Malole ankapita kum'mwera kukatenga matenanti, mabanja athunthu ndi mphasa ndi mapoto awo, n'kudzawatsitsa pa esiteti nyengo yofesa nazale isanafike. Lole yomweyo inkanyamula feteleza, nkhuni ndi mabelo opita ku okushoni ku Kanengo, ndipo tenanti akamwalira inkabweza maliro kwawo. Papepala idali yonyamula katundu wa mwini wake. Anthu okwera kumbuyowo sadali katundu, komanso sadali okwera olipira, ndipo lole ikagubuduka zinkavuta kudziwa kuti ali mbali iti ya pangano.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi kumasulidwa kwa malonda. Kuyambira mu 1971 mbewu za alimi ang'onoang'ono zinkagulidwa ndi ADMARC, koma mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu, ndipo mu 1990 alimi akumudzi adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, yemwe kale adali wa maesiteti okha. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, maminibasi adadzaza msewu wa Lilongwe ndi Mchinji. Mavenda adamanga masikelo m'midzi kugula mtedza, soya ndi chimanga. Mlimi wogulitsa bwino fodya ankatha kugula pikapu yakale. Kenaka kudabwera galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zomwe munthu amatha kusankha pa intaneti ali pa Mchinji pomwepo. Kwa nthawi yoyamba funso lija la papepala lidayamba kufunsidwa kwa munthu wakumudzi, monga mwini galimoto.

Kuti kulemera kwa funsoli kumveke, ndi bwino kutsata pikapu imodzi nyengo yokolola. Mbandakucha imapita kumunda kukatuta mtedza wa mwini wake, aganyu atakhala pamwamba pa matumba. Tsiku la msika imanyamula amayi a tomato ndi anyamata a kaunjika kupita ku Kapiri kapena pa Kamwendo, aliyense akulipira mutu wake ndi mtolo wake padera. Pakati pausiku wina amagogoda pazenera kuti mayi wapakati zamuvuta, ndipo galimoto imathamangira kuchipatala, abale atalonjeza kubweza mafuta. Mawa lake mfumu imaipempha kuti ikatenge bokosi. Lamlungu imatenga kwaya kupita ku msonkhano wa mpingo, Lolemba n'kukasiya mwana wa mwini wake kusekondale. Pa maulendo onsewa, wakusukuluwu ndi wokhawo womwe palibe angaukayikire kuti ndi wa private. Ena ndi a bizinesi poyera, ena ali pakatikati, poti ndalama ya mafuta yomwe mnansi amapereka ndi manja awiri iye amaiyesa kuthokoza, pomwe kampani ikhoza kuiyesa malipiro. Mwini galimoto sangakane maulendo amenewa. M'mudzi momwe muli galimoto imodzi, wokana kunyamula wodwala chifukwa cha mawu a papepala anthu sadzamuiwala, ndipo tsiku lake la mavuto likadzafika adzaona yekha.

Boma lili ndi njira yake yosiyanitsira. Galimoto yonyamula anthu kapena katundu polandira ndalama imayenera kukhala ndi nambala yofiira, chilolezo cha ntchitoyo, chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ili bwino, dalaivala wa chiphaso choyenera, ndi inshulansi yophimba okwera malinga ndi chiwerengero cha mipando. Zonsezi zimadutsa ku nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, timagalimoto ta Toyota Sienta tidayamba kulanda okwera kwa maminibasi, poti timadzaza msanga ndipo timalowa m'misewu yafumbi. Tambiri mwa ito tidayamba ntchitoyi tili ndi nambala wamba komanso inshulansi ya private. Sienta ili ndi mipando 7, koma si zachilendo kuiona itanyamula anthu oposa pamenepo, wina atapanikizana ndi dalaivala, thumba la ufa litatsekereza chitseko chakumbuyo. Pofika pa rodibuloko, okwera amauzidwiratu kuti akafunsidwa anene kuti ndi pachibale.

Osankha inshulansi yotsika si onse amene ali ndi mtima wakuba. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo matayala, mafuta ndi zipangizo zidakwera nthawi yomweyo. Chinanso n'chakuti kwa anthu ambiri inshulansi ndi kadisiki komata pagalasi lakutsogolo, komwe wapolisi wapamsewu amasuzumira kuti aone tsiku lothera. Disiki ya private ndi ya commercial zonse zimamatidwa pagalasi lomwelo, ndiye munthu amagula yotchipa. Pangano lenilenilo, lolembedwa m'Chingerezi cha maloya, ambiri salilandira m'manja, ndipo olilandira amalisunga osaliwerenga. Apa ogulitsa inshulansi nawonso ali ndi mbali yawo. Wothandizira kugula amene amangofunsa nambala ya galimoto ndi ndalama, osafunsa ntchito yake, wagulitsa pepala lomwe akudziwa kuti mwina silidzathandiza.

Nanga ulendo wakuntchito, womwe ku Britain uli ndi gulu lakelake? Kwa Kapondo anthu opita kuntchito pa galimoto yawoyawo ndi owerengeka. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi ambiri amayenda pa njinga yakapalasa kapena yamoto. Ngakhale amenewa ntchito yawo siikhala pamalo amodzi: mlangizi wa zaumoyo amazungulira midzi ndi katemera, wa zaulimi amayendera makalabu. Mwa kagawidwe ka ku Britain, maulendo otere ndi a bizinesi kale. Ndipo mphunzitsi wamkulu wokhala ndi galimoto akamapita kuboma kumapeto kwa mwezi, anzake amakwera nawo n'kusonkha ya mafuta. Ku Britain nkhani ngati imeneyi adaikonza ndi lamulo mu 1980: anthu akasonkherana mtengo wa ulendo popanda mwini galimoto kupezapo phindu, inshulansi wamba imagwirabe ntchito. Kuno mwini galimoto wanzeru ayenera kufunsa kampani yake za nkhaniyi asananyamule anthu, ndipo yankho alilandire lolembedwa.

Zonsezi zimaonekera poyera tsiku la ngozi. Apolisi amayeza malo n'kulemba lipoti, ndipo m'lipotimo mumalowa chiwerengero cha okwera ndi zomwe iwo anena. Ovulala amatengeredwa ku chipatala cha mishoni ku Kapiri kapena cha boma ku Mchinji, othyoka kwambiri n'kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kampani ikalandira nkhaniyi imatumiza woifufuza, ndipo funso lake loyamba kwa wokwera limakhala lakuti: mudalipira zingati? Yankho likakhala ndalama, pomwe pangano ndi la private, mkangano wayamba. Mwini galimoto amene adagula comprehensive, poganiza kuti galimoto yake idzakonzedwa kapena kubwezedwa, akhoza kuuzidwa kuti adaphwanya pangano. Wokwera wovulala amayamba ulendo wautali wa maloya ndi makhoti ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Mchinji. Ngakhale kampani ivomere, imalipira polekezera pa mlingo wa m'pangano. M'milandu yambiri ya zaka za m'ma 2010 mlingo umenewu unkakhala K5 miliyoni, ndipo zotsala zinkagwera mwini galimoto ndi dalaivala wake.

Chifukwa cha utali wa njira imeneyi, mabanja ambiri amabwerera ku njira yamakolo. Mwini galimoto amatuma akuluakulu kwa ofedwa, amagula bokosi, amapereka ufa, ndiwo ndi galimoto yonyamula maliro, kenaka mbali ziwirizo zimakhala pansi pamaso pa mfumu n'kugwirizana za chipepeso. Njira imeneyi ili ndi ubwino womwe kampani ilibe: imafika msanga, ndipo imasiya anthu akulankhulana. Koma mphamvu yake imathera pa maliro. Bambo wothyoka msana amene sadzagwiranso khasu, kapena ana otsala opanda wowalipirira sukulu, safuna thandizo la sabata imodzi. Mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga sizingalere banja zaka khumi, ndipo mpata umenewu ndi womwe inshulansi idabwerera kudzatseka.

Njinga zamoto zakulitsa vutoli. Kabaza adayamba ndi njinga zakapalasa, zomwe lamulo la inshulansi silizikhudza. M'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto zotchipa zidasefukira m'dziko muno, zina zikulowa m'njira zachidule kuchokera kumayiko oyandikana nawo, ndipo anyamata ambiri adazisandutsa ntchito. Pamaso pa lamulo njinga yamoto ndi galimoto: imafunika kulembetsa, layisensi ndi inshulansi. Zambiri zoyenda m'midzi zilibe chilichonse mwa izi. Pamenepa nkhani siikhalanso ya gulu lolakwika la inshulansi, koma yakuti palibiretu woti n'kumusumira kupatula mnyamata amene chuma chake chonse ndi njinga yophwanyikayo.

Malire a dziko amaonjezera mbali ina. Anthu a ku Mchinji ndi a kum'mawa kwa Zambia ndi amodzi pa chibale, pa chilankhulo ndi pa malonda. Mu February Angoni amapita ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni, mu August Achewa amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo midzi imasonkha ndalama kuchita hayala lole kapena minibasi. Inshulansi ya third party yogulidwa ku Malawi siiwoloka malire payokha. Pofuna kuthetsa vutoli, mayiko a m'chigawo chino adakhazikitsa Yellow Card, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1987 ndipo lero ili m'manja mwa bungwe la COMESA. Munthu amaigula ku kampani yake asananyamuke, ndipo imalandiridwa ku Zambia. Wopanda khadiyi amagula inshulansi ya masiku ochepa pachipata cha Mwami, pomwe kuyambira mu December 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi. Galimoto ndi njinga zamoto zodutsa m'tinjira tam'midzi zimayenda kutsidyako popanda chitetezo chilichonse.

Mayiko ena adaona kuti wovulala asamavutike chifukwa cha bodza kapena umphawi wa mwini galimoto. Ku Britain makampani adakhazikitsa Motor Insurers' Bureau mu 1946 kuti izilipira ogundidwa ndi galimoto zopanda inshulansi, ndipo kuyambira mu 1972 inshulansi yophimba okwera idakhala yokakamiza pa galimoto iliyonse. Ku South Africa, thumba la Road Accident Fund limatolera ndalama pa lita iliyonse ya mafuta, motero aliyense wothira mafuta walipira kale, kaya galimoto yake ndi yapakhomo kapena ya malonda. Malawi ndi Zambia adatsalira pa njira yakuti mwini galimoto azikagula yekha ku kampani, ndipo chitetezo cha wokwera chimadalira zomwe mwini galimotoyo adanena tsiku logula.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti kwa Kapondo galimoto ya ntchito imodzi siidakhaleko, kuyambira pa lole ya matola mpaka pa Sienta. Makampani ndi owayang'anira akuyenera kuvomereza zimenezi ndi kukonza inshulansi yoyenera galimoto yakumudzi: yophimba okwera ochepa ndi katundu wa msika, yotheka kulipira nyengo yokolola, yolembedwa m'Chichewa chomveka. Pomwe zimenezi zisanachitike, udindo uli pa mwini galimoto. Ngati galimoto yake imalandira ndalama kwa okwera, ngakhale kawiri pa sabata, anene zoona pogula inshulansi, alipire mtengo wake, ndipo afunse kuti pangano lake likuphimba anthu angati. Akabisa, amene adzalipire bodzalo ndi mayi wa tomato wokwera kumbuyo, yemwe sadaonepo pepalalo.